Kulima mpunga pamodzi ndi achule, akangaude ndi matemba: mmene ndimachitira kusikimu

Ndimalima mpunga ku sikimu ya Likangala, kumunsi kwa Zomba, kufupi ndi kumene mtsinjewu umathera m'nyanja ya Chilwa. Mapuloti anga ndi anayi. Awiri anali a malemu mayi anga, ndipo ndinayamba kuwokeramo mbande ndili mtsikana. Dzinja ndimabzala Kilombero ndi Faya, chilimwe madzi akapezeka ndimabzala Pussa. Ndikufuna ndikufotokozereni, alimi anzanga, mmene ndimasungira zamoyo za m'puloti kuti zizindigwirira ntchito, komanso mmene ndimachitira ndi zija zopweteka munthu, pakuti nazonso zilimo.

Ndinaphunzira nditalakwitsa. Chaka china, patangotha milungu itatu chiwokereni, ndinapeza masamba ambiri atadyedwa m'mbali, ena atapindika ngati ndudu, mkati muli kambozi. Mtima unali m'malere. Ndinathamangira kumsika, ndinagula kabotolo ka cypermethrin, ndinabwereka sipuleya, n'kupopera mapuloti onse anayi madzi ali momwemo. Mmawa mwake m'ngalande yotayira madzi munali matemba mimba zili m'mwamba, ambululu ali mbwee m'mphepete. Usiku umenewo kwa anansi achule ankalira, kwanga kuli zii. Patapita mwezi mbozi zinabwerera zochuluka kuposa poyamba. Mlangizi wathu atafika anaima pamgula nthawi yaitali osanena kanthu, kenako anati, "Mayi, mwathamangitsa alonda, ndiye akuba angolowa. Tiyeni m'puloti ya anansi anuwa ndikuonetseni amene munali nawo." Tinalowa. Zimene anandionetsa tsiku limenelo ndiye poyambira pa zonse.

Lowani m'madzi, muwerenge

Sankhani tsiku limodzi pa mlungu. Langa ndi Lachiwiri. Pitani mame asanaume, chifukwa nthawi imeneyo maukonde a akangaude amaoneka bwino ndipo tizilombo timakhala tisanabisale. Tengani mbale yoyera ya pulasitiki, kabuku ndi pensulo. Musaime pamgula ayi. Munthu wa pamgula amaona masamba odyedwa okha, wowadya ndi womudya wowadyayo samuona.

Yendani kuchokera pangodya imodzi kukafika pangodya yoyang'anana nayo, n'kuima pa mapando 20. Pa phando lililonse weramani, patulani masamba, yang'anani kutsinde kumene mpunga wakhudza madzi, kenako ikani mbale pansi pake n'kugwedeza katatu. Zogweramo muzigawe patatu: zodya mpunga, zodya zinzake, ndi zimene sizichita zonse ziwirizi koma zimadya zowola za m'matope. Gulu lachitatuli ndi limene limakhala lochuluka kwambiri mpunga ukadali waung'ono, ndipo anthu ambiri akaliona ndi pamene amakagula mankhwala.

Zodya zinzake muzizindikira msanga. Pali kangaude wotuwa amene salukanso ukonde, amangothamanga pamwamba pa madzi ndi kutsinde, nthawi zina atanyamula kathumba ka mazira kumbuyo. Ameneyu ndimamulemekeza kuposa onse. Pali wina wamiyendo italiitali amene amadziwongola m'mbali mwa tsamba masana, madzulo n'kutchera ukonde pamwamba pa mpunga kugwira agulugufe a kapuchi. Pali tombolombo, wamkulu ndi wamng'ono wowonda ngati singano. Ambiri sadziwa kuti tombolombo amakulira m'madzi: mwana wake ndi kachilombo kotuwa, kopanda mapiko, kamene kamakhala m'matope n'kumadya mphutsi za udzudzu. Mukaona chikhungwa chouma chitamatirira pa tsinde la mpunga, ndiye kuti tombolombo watulukamo. Palinso kachikumbu kofiira ka madontho akuda, chiswamphika, ndi tizilombo tija toyenda pamwamba pa madzi timene timagwira chilichonse chogwa kuchokera m'masamba.

Zodya mpunga kwathu kuno ndi kapuchi, mbozi zopinda masamba, ziwala, tizilombo tonunkha toyamwa njere zikadali mkaka, ndi kantchentche kodabwitsa kamene maso ake ali kunsonga kwa timitengo tiwiri totuluka m'mutu. Mphutsi ya kantchentcheka imalowa m'tsinde n'kuumitsa tsamba la pakati. Kapuchi akalowa mpunga ukadali waung'ono nayenso amaumitsa mtima, ndipo akalowa utabereka mumaona ngala zili mbee, zoimirira, zopanda kanthu. Mukakoka ngala yotere imangosololoka.

Mukapeza kachilombo kosadziwika musakaphe. Kaikeni m'botolo loonekera mkati, muikemo tsinde la mpunga ndi tizilombo tina tiwiri titatu, mutseke ndi kansalu. Pofika mawa mudziwa ngati kadya tsamba kapena kadya tinzake. Chimodzimodzi ndi mazira a kapuchi amene amamatidwa patsamba: dulani tsambalo, likeni m'botolo, dikirani masiku angapo. Mdzukulu wanga ndi amene amasunga mabotolowa pakhonde. Tsiku lina anandithamangira kuchigayo akufuula, "Agogo, mazira aja sanaswe mbozi, aswa timavu!" Tinali timavu tating'ono kuposa nyerere, timene mayi wake anaikira mazira m'kati mwa mazira a kapuchi. Timavu timeneti simungatione mukuyenda, koma ndi timene timafa koyamba mukapopera.

Lembani zimene mwawerenga mlungu uliwonse. Chofunika si nambala ya tsiku limodzi, koma kumene ikulowera. Mbozi zikachuluka mlungu uno, akangaude nawo n'kuchuluka mlungu wamawa, dikirani.

Masiku 40 oyamba

Lamulo langa ndi ili: masiku 40 oyamba chiwokereni sindipopera mankhwala a tizilombo todya masamba. Mpunga wa msinkhu umenewu umatulutsa ana ambiri ndi masamba atsopano mlungu uliwonse, ndiye tsamba lodyedwa umalibwezera wokha. Ngakhale mtima wouma wa apa ndi apo umalowedwa m'malo ndi ana ena.

Si nzeru yanga ndekha. Ku Indonesia, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, alimi ankapopera kwambiri, ndipo kachilombo kena koyamwa mpunga kutsinde kanachuluka mpaka minda kumauma ngati yapsa. Ofufuza anapeza kuti mankhwalawo ankapha akangaude ndi timavu, mazira a kachilomboko n'kumapulumuka m'kati mwa tsinde. Mu 1986 boma la dzikolo linaletsa mitundu 57 ya mankhwala m'minda ya mpunga, ndipo mu 1989, mothandizana ndi FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, linayambitsa sukulu za alimi za m'munda, zomwe zija zinadzafika ndi kuno kwathu. Ku Vietnam, mu 1994, akatswiri a bungwe lofufuza za mpunga la IRRI pamodzi ndi a boma anafalitsa pa wailesi uthenga woti alimi asapopere masiku 40 oyamba, ndipo anawauza kuti ayese okha pa kagawo ka munda.

Inunso yesani nokha, chifukwa tizilombo ta ku Asia si tofanana ndendende ndi tathu. Khomani zikhomo pa malo awiri m'puloti imodzi, aliwonse mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Pakatha masiku 25 chiwokereni, tengani sizasi n'kudula theka la tsamba lililonse pa malo amodzi, enawo muwasiye. Pokolola mumwete ndi kupuntha padera. Ine nditayesa, manja ankanjenjemera podula, koma pa sikelo kusiyana kwake sikunadzaze chikho. Chenjerani pa chinthu chimodzi: mpunga ukatenga mimba zinthu zimasintha. Tsamba lomaliza lija, loimirira pafupi ndi ngala, ndi limene limadzaza njere, ndipo limenelo likadyedwa silibwereranso.

Alonda amafuna chakudya akuba asanabwere

Akangaude sangakhale m'puloti mopanda chodya. Mpunga ukangowokeredwa tizilombo towononga timakhala tisanafike, ndiye alonda amadalira gulu lachitatu lija, lodya zowola. Kumene kuli zowola zambiri m'matope, akangaude amachuluka msanga, ndipo kapuchi akamafika amawapeza alipo kale.

Choncho mapesi a mpunga musawotche. Ndikudziwa chifukwa chimene timawotchera: ndi ntchito yochepa, ndipo khasu limalowa bwino. Koma moto umatenga pafupifupi nayitrojeni yense wa m'mapesimo (chakudya cha mbewu chomwe chija chili mu Urea), umapha akangaude amene anabisalamo, n'kusiya dothi lili gwaa. Ine ndikapuntha ndimawamwaza m'puloti, ndimawakwirira polima, n'kulowetsa madzi pang'ono kuti awole. Pakhale milungu itatu kapena inayi musanawokere. Mukawokera pa mapesi osawola mbande zimachita chikasu, chifukwa kuwolako kumayamba kwalanda chakudya cha m'nthaka. Ziputu nazo muzitembenuze ndi kuzimiza, pakuti m'menemo ndi mmene kapuchi amagona kudikira mbewu yotsatira. Manyowa a ng'ombe owola bwino, ngakhale ngolo imodzi pa puloti, amathandiza chimodzimodzi.

Feteleza wa Urea musathire yense kamodzi. Mpunga wodya kwambiri umakhala wobiriwira bii, wofewa, ndipo tizilombo ndi matenda a chiwawu zimaukonda. Kilombero ndiye amangogwa. Gawani kawiri.

Pa madzi odekha nthawi zina pamamera kachomera koyandama, kamasamba ngati timamba ta nsomba, kobiriwira mthunzi ukakhalapo, kofiira dzuwa likakula. Alangizi amakatchula azolla. M'masamba ake mumakhala ndere zimene zimakoka nayitrojeni mumpweya, ndipo kakaphimba madzi udzu umavutika kumera. Kakamera kokha m'puloti mwanu mpunga utazika mizu, kasiyeni, popalira muzikapondera m'matope. Nkhuku ndi abakha amakadyanso. Koma musakatenge chomera chilichonse cha m'madzi kwina n'kudzachiponya m'ngalande za sikimu. Namasupuni anafika m'dziko muno ngati duwa lokongola, lero onani mmene amatsekera mtsinje wa Shire.

Migula

Mgula ndi mudzi wa alonda nthawi imene m'puloti mulibe kanthu. Mukaupala mpaka dothi lokhalokha kapena kuupopera mankhwala opha udzu, akangaude alibe kothawira polima, ndipo mvula ikagwa mgulawo umakokoloka. Ine ndimamweta ndi chikwakwa, kusiya udzu wofika m'kakolo, ndipo sindimweta migula yonse tsiku limodzi.

Pa mgula waukulu wa m'mbali mwa njira ndimabzala chitowe, therere ndi khobwe. Timavu tija tikakula timadya timadzi totsekemera ta m'maluwa, ndiye maluwa akakhala pafupi timakhala nthawi yaitali ndi kuikira mazira ambiri. Chisoso, bonongwe ndi denje zomera zokha ndimazisiya, ndiwo zake ndi zomwezo. Koma timigula ta pakati pa mapuloti ndimatisunga tating'ono, tosapitirira masentimita 30 mulifupi, chifukwa mgula wonenepa ndi umene mbewa zimakumbamo mauna. Nkhanu nazo zimaboola. Muziyendera ndi kumata.

Si chomera chilichonse chimene ndimachikomera mtima. Dawe ndi udzu wofanana ndi mpunga ndimazula zisanachite njere. Mpunga wakutchire, wa ndevu zazitali ndi njere zoyoyoka msanga, ndimauchotsa ndi mizu yomwe n'kukautaya kumtunda, chifukwa ukasakanikirana ndi Kilombero wogula amatsitsa mtengo.

Dzenje la pangodya

Apa ndi pamene ndimafuna mumvetsetse bwino. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi, Thondwe, Namadzi, Phalombe, yonse imathira momwemo, ndipo chimene chalowa chimakhala. Ndi nyanja yosaya. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 tinaona ndi maso athu mabwato atakhala pa matope ong'aluka. Nthawi zonsezi matemba, makumba ndi milamba zinapulumukira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo, madzi atabwerera n'kudzazanso nyanja. Ngalande za sikimu zimatunga m'mitsinje yomweyo ndi kubwezera momwemo. Matemba amene ndinapha chaka chija anali mbewu ya nyanja, ndipo mlongo wanga ndi msodzi. Mu 1997 Chilwa inalembedwa m'pangano la Ramsar, la mayiko loteteza madambo, ngati dambo lofunika pa dziko lonse, loyamba m'Malawi muno, makamaka chifukwa cha mbalame za m'madzi. Mapuloti athu ali m'mphepete mwa dambo limenelo.

Mvula ikayamba, milamba ndi matemba zimakwera mitsinje kukaswana m'malo osefukira, ndipo zina zimalowa m'ngalande mpaka m'mapuloti. Vuto ndi lakuti madzi a sikimu amabwera mosinthana. Tsiku la anzanu likafika kwanu kumaphwa, nsomba ndi ambululu n'kufera pamatope.

Chimene ndinachita ndi kukumba dzenje pangodya ya kumunsi, kumene madzi amathera. Langa ndi mamita awiri mulitali, mita imodzi mulifupi, kuya kwake kufika m'chiuno. Dothi lake ndinakwezera mgula. Kuchokera m'dzenjemo ndinakumba kamfolo kosaya, kakukula ngati khasu, kotsata mgula mbali ziwiri, kuti madzi akamaphwa chamoyo chilichonse chizitsata kamfoloko mpaka m'dzenje. Pamwamba ndinaika mphasa yakutha theka la dzenje kuti pakhale mthunzi ndi pobisala akakowa akabwera. Musanakumbe kauzeni a komiti ya madzi, chifukwa malamulo a masikimu amasiyana, ndipo mulitchinge ndi bango ngati kumabwera ana aang'ono.

Ngati mukufuna kuweta nsomba zenizeni, osati zongolowa zokha, dikirani milungu itatu chiwokereni kuti mpunga uzike. Madzi akhale okwana masentimita 10 mpaka 15. Polowera ndi potulukira madzi mulukepo kampanda ka bango kothithikana. Mbewu ya nsomba kafunseni kwa alangizi a za nsomba. Ife tili ndi mwayi kuti likulu la boma la ulimi wa nsomba lili ku Domasi konkuno. Sankhani makumba. Chilunguni ndi nsomba yodya masamba, ndipo mpunga wanthete imaubudula. Musayembekezere nsomba zazikulu pa miyezi itatu kapena inayi. Zanga zimakhala ngati zala zitatu, koma ndi ndiwo za mlungu wathunthu nthawi imene m'nyumba mulibe ndalama. Ndipo chonde, masikito ndi ogonamo, osati okokera m'ngalande. Amakokolola ndi tiana tomwe.

Nkhono ndi udzudzu

Ndikanama ndikanena kuti chilichonse cha m'madzi ndi bwenzi. Likodzo ndadwalapo kawiri. Limachokera ku tinkhono ta m'madzi, tosaposa chikhadabo, timene timakonda ngalande za udzu wambiri ndi madzi oyenda pang'onopang'ono. Munthu wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira amaswa, tizilombo take n'kulowa m'nkhono. Tikakula timatuluka, makamaka dzuwa likakwera, n'kulowa pakhungu la aliyense woima m'madzimo. Mnyamata wokodza magazi sakukula ayi, akudwala. Amayi nafenso limatigwira kumalo obisika, ndipo ambiri timangopirira poopa kunenedwa.

Ndiye nkhono izi sindizisunga. Ngalande muzizilambula, udzu ndi matope n'kuziponya kumtunda kuti ziume padzuwa. Pakati pa mbewu ya dzinja ndi ya chilimwe ngalande ziume ndithu. Gwirizanani mukumbe chimbudzi kumtunda kwa mapuloti, chifukwa popanda mkodzo ndi chimbudzi m'madzi nkhono sizingapatse munthu matenda. Amene angathe agule jombo. Mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel amaperekedwa kuchipatala ndi m'masukulu. Akabwera, ana amwe, nanunso mumwe. Pali mbalame yakuda, yamiyendo italiitali, imene mlomo wake sutsekeka pakati, imabwera m'magulu n'kumatola nkhono m'mapuloti. Mpunga sikhudza. Muuze anyamata a malegeni aisiye.

Udzudzu wa malungo umaswana m'madzi osaya owombedwa dzuwa, ndiye milungu yoyamba chiwokereni ndi imene umachuluka, mpunga ukatseka umachepa. Kuchokera pa dzira kufika pouluka pamatenga mlungu umodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Mukaphwetsa puloti masiku awiri kapena atatu mkati mwa nthawi imeneyo, mphutsi zimafa. Salazani bwino musanawokere, chifukwa mapazi athu omwe amasiya timaenje tosunga madzi. Kuti mudziwe pobwezera madzi, zikani paipi yoboola m'mbali, muchotse matope a mkati, muziyang'anamo: madzi akatsika masentimita 15 pansi pa nthaka, thirirani. Mpunga ukamachita maluwa musaphwetse. Apa ndi pamene dzenje lija limagwira ntchito yachiwiri: puloti ikauma, nsomba, ambululu ndi ana a tombolombo zimakhala m'dzenje, ndipo mphutsi za udzudzu zotsikira momwemo zimadyedwa. Ngakhale zili choncho, gonani m'masikito.

Mbewa, kadzidzi ndi mbalame

Mbewa zimaswana kwambiri mpunga ukatenga mimba. Sikimu ikawokera mosiyanasiyana, wina Januwale wina Malichi, mbewa zimangosamuka puloti ndi puloti zikuswana osalekeza. Mpheta nazo chimodzimodzi: wokhwimitsa yekha ndi amene amadyetsa gulu lonse. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Limbikirani pa msonkhano kuti a ngalande imodzi muwokere mkati mwa milungu iwiri, ndipo mukumbe mauna tsiku limodzi nonse mpunga usanatenge mimba.

Mankhwala a makoswe ogulitsidwa m'timapepala musaike pamgula. Mbewa yodya poizoni imadyedwa ndi kadzidzi, ndi galu, ndipo kwathu kuno imadyedwanso ndi ana athu. Ine ndinazika mtengo wautali mamita atatu pakati pa mapuloti, n'kukhomerapo kamtengo kopingasa kunsonga. Masana pamatera nankapakapa, usiku kadzidzi. Ndikudziwa zimene timanena za kadzidzi, ndipo nditazika mtengowo anthu analankhula. Ndinatola zimene amalavula pansi pa mtengo, ndinapita nazo ku msonkhano, ndinaziphwanya pamaso pa onse: munali ubweya ndi timitu ta mbewa. Ena sanasinthe maganizo, ndipo sindinakangane nawo, koma mitengo yotere tsopano ilipo ingapo pa ngalande yathu. Ku Malaysia alimi a mpunga amachita kukhomera akadzidzi mabokosi oswaniramo.

Njoka zambiri za m'mapuloti zimabwerera mbewa ndi achule, ndipo zikamva mapazi zimathawa. Mphiri sithawa. Yendani ndi ndodo, njira ikhale yomwetedwa, ndipo wolumidwa apite kuchipatala nthawi yomweyo, osamutema mphini.

Akakowa amene amatitsata polima amatola ziwala ndi mbozi. Anamzeze masana ndi mileme madzulo amadya zouluka pamwamba pa mpunga. Nantchengwa amandidyera achule, koma ndi mmodzi kapena awiri, sindidandaula. Atsekwe ndi abakha akutchire amawononga nazale usiku. Ndimamanga zingwe zopingasa pamwamba pake ndi kupachikapo timapepala. Kuyambira cha mu Okutobala mudzaona timbalame tamiyendo yowonda tikuyenda m'matope a mapuloti osawokera. Tina mwa ito timachokera ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo timabwerera cha mu Epulo. Timadya nyongolotsi ndi mphutsi. Mpheta zokha ndi zimene ndimalimbana nazo, ndi nsanja, zingwe ndi zitini za miyala, kuyambira njere zikachita mkaka. Ulimbo sindiufuna chifukwa susankha mbalame. Ntchito yoingitsayi tizisinthana akuluakulu, ana apite kusukulu. Bwanoni akagwa, ameneyo ndi wathu: gwirani ndi manja, mukazinge, ndipo chimenechi ndi chifukwa china chosapoperera mpunga wokhwima.

Zikafika popopera

Zilipo zaka zimene kuwerenga kumaonetsa kuti zodya mpunga zikukwera milungu iwiri itatu, alonda osakwera, mpunga uli ndi mimba. Itanani mlangizi aone, ndipo mupite ndi kachilomboko m'botolo, osati kungofotokoza. Mukagwirizana zopopera, poperani pokhapo pagwidwa, osati puloti yonse. Yambani mwaphwetsa madzi pang'onopang'ono kuti zamoyo zitsikire m'dzenje, mutseke kamfolo ndi dothi, mutsekenso potulukira kuti dontho lisapite m'ngalande. Poperani madzulo mphepo itadeka, njuchi zitachoka pa maluwa a pamgula. Dikirani masiku amene alembedwa pabotolo musanatsegule. Sipuleya musatsukire m'ngalande, pakuti kumunsi kuli wina akuchapa, wina akutunga. Botolo lotha muliboole, lisakhale la mchere kapena la mafuta.

Musanyengedwe ndi mawu oti mankhwala achilengedwe. Ombwe amaphadi tizilombo, koma ndi chomera chomwe chija anthu amaledzeretsera nsomba m'maiwe. M'dimba la masamba ndi wabwino, m'puloti ya madzi ayi.

Kutatsala milungu iwiri kuti mumwete, phwetsani puloti pang'onopang'ono, masiku atatu kapena anayi, osati kungogumula mgula. Nsomba zazikulu za m'dzenje mugwire ndi dengu. Tating'ono ndi ambululu ndimatitunga mu ndowa n'kukatithira m'ngalande yaikulu yopita kumtsinje. Ngati munaweta nsomba zogula kwina, zimenezo zithere m'mphika kapena m'dziwe lanu, musazitayire kumtsinje. Mukapuntha, siyani timilu ta mapesi pamgula, kamulu kokwana m'manja awiri pa mapazi khumi aliwonse, tating'ono kuti mbewa zisamangemo. Akangaude amabisala m'menemo puloti ikamalimidwa. Tsiku lowokera likatha, nyamulani kamulu kalikonse n'kukagwedezera pa mbande zatsopano.